Makotesheni atatu, dzanja limodzi

Lamulo la kagulidwe ka katundu ndi ntchito za boma m'dziko muno lalembedwa katatu m'zaka zosakwana 25. Loyamba linabwera mu 2003 ndipo linakhazikitsa ofesi yoyang'anira kagulidweka ya ODPP. Mu 2017 aphungu anapanga lina lomwe linabala bungwe la PPDA, n'kuwonjezeramo za kagulitsidwe ka katundu wakale wa boma. Mu 2025 kunabweranso lina. Cholinga chake sichisintha: ndalama za anthu zigule zinthu zenizeni, pa mtengo woyenera, kwa munthu wosankhidwa poyera. Koma lamulo likalembedwa ku Lilongwe limakhala ndi ulendo wautali kuti likafike pa tebulo la munthu wolemba LPO, chikalata choitanitsira katundu, pa khonsolo, ndipo panjira imeneyi ndi pomwe anthu abwinobwino amagwera m'mavuto.

Munthu wa m'nkhani ino sindimupatsa dzina, ndipo boma lake sindilitchula. Ndi wa m'nthano. Koma zomwe zinamugwera zimapezeka kawirikawiri m'malipoti a mkulu wolondoloza ndalama za boma okhudza makhonsolo: ndalama zotuluka popanda mapepala, katundu wosalembedwa m'buku la kusitolo, ntchito zolipiridwa zisanathe.

Anali ofesala wogula zinthu pa khonsolo ina ya kum'mwera. Mapepala a sukulu anali nawo, ankabwera kuntchito m'mamawa, ndipo akontilakitala ankadziwa kuti mnyamata ameneyu sapempha ya fanta. Pakhoma la ofesi yake panali pepala lomata ndi selotepi, lofiira ndi fumbi, losonyeza malire a ndalama: kugula kochepera apa n'kwa makotesheni atatu, kopitirira apa n'kwa tenda yolengezedwa m'nyuzipepala. Analipeza pomwepo pomwe ankayamba ntchito. Palibe anamuuzapo ngati linasinthidwa, nayenso sanafunse.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anasasula denga la buloko pa sukulu ina ya pulayimale. Ahedi anafika kuboma ndi kalata ya mfumu yayikulu, nsapato zili matope okhaokha. Ana a sitandade 1 ndi 2 ankaphunzirira pansi pa mtengo, mvula ikangochita mdima n'kuwabalalitsa. Ofesala atawerengera malata, matabwa, misomali ndi malipiro a amisiri, anapeza kuti zonse pamodzi zadutsa malire a pakhoma aja. Zaka ziwiri m'mbuyomo ntchito yomweyo ikanakwana bwinobwino, koma mu Meyi 2022 kwacha inali itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mitengo n'kukwera, pepala la pakhoma lili chikhalire. Kutsatira tenda kunkatanthauza kulipira malo m'nyuzipepala, kudikira masabata kuti ofuna ntchito abweretse maenvulopu, kuwatsegula pamaso pa anthu, kuwaunika, kenako kupita nazo ku komiti ya khonsolo yoona zogula, ya IPDC.

Mkulu wake wa ntchito anamuitana.

"Achimwene, ana akunyowa. Tidikire nyuzipepala? Igaweni ntchitoyi."

"Bwana, kugawa n'koletsedwa."

"Ndikudziwa. Koma tikuba ngati? Palibe akudyapo apa. Malata paokha, matabwa paokha, amisiri paokha. Lachisanu zikhale zitatheka."

Lamulo lili nayo njira yogulira zinthu pa nthawi ya ngozi. Imafuna kuti zifukwa zilembedwe, ovomereza avomereze, ndipo faelo isonyeze poyera kuti ndondomeko ya masiku onse yadumphidwa chifukwa chakuti. Pa khonsolo imeneyi panalibe yemwe anaiyendapo njira imeneyo, ndipo aliyense ankaopa kuti akailakwitsa adzafunsidwa. Kugawa ntchito kunaoneka kosavuta chifukwa faelo iliyonse payokha inkaoneka yoyera. Ofesala analemba ma LPO anayi m'malo mwa kontilakiti imodzi.

Panatsala makotesheni. Paboma panali sitolo imodzi yokha yokhala ndi malata okwanira, ndipo kupita ku Blantyre kukafunsa mitengo kunkafuna galimoto ndi mafuta. Mwini sitolo anaseka: "Musavutike bwana, mawa ndikubweretserani onse atatu." Anabweretsadi. Mapepala atatu, mayina a makampani atatu, zidindo zitatu, china chozungulira, ziwiri zamakona. Koma 7 aliyense pa mapepala onsewo anali ndi kamzere kodula pakati kopendekera mbali imodzi, ndipo mawu oti misomali ya denga anawalakwitsa mofanana katatu konse. Mitengo iwiri inali yokwererapo pang'ono kuti wachitatu aoneke wotchipa. Ofesala anaona zonsezi. Anayang'ana pawindo, mitambo inali itayambanso kusonkhana. Anaboola mapepalawo n'kuwaika m'faelo.

Denga linakhomedwa m'masabata atatu, ndipo linali denga labwino. Ahedi anabwera kudzathokoza, mfumu inatumiza nkhuku. Choopsa cha nkhani yonseyi chili pamenepa, pakuti zinayenda. Chikhala kuti denga linadontha kapena mwini sitolo anathawa ndi ndalama, mnyamatayu akanachita mantha n'kusiyira pomwepo. M'malo mwake anaphunzira kuti malamulo ndi ochedwetsa chabe, ndipo munthu wa mtima wabwino akhoza kuwazungulira osapweteka aliyense. Ena onse pakhonsolopo anaphunziranso kanthu kena: kuti ofesala wosapempha ya fanta uja amatha kugawa ntchito ndi kulandira makotesheni a dzanja limodzi.

Tikamakamba za kubedwa kwa ndalama za boma timathamangira ku Cashgate ya 2013, ndipo m'pomveka. Kampani ya ku Britain ya Baker Tilly inapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinatuluka molakwika m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Seputembala chaka chimenecho. Koma taonani momwe zinatulukira. Zina zinapita kwa makampani omwe sanapereke kanthu kalikonse ku boma, zina zinalibe mapepala ozichitira umboni, zina zinali mitengo yokwezedwa dala. Zonsezi ndi nkhani za kagulidwe ka zinthu, ndipo iliyonse inkafuna anthu angapo osaina. Si onse osainawo anagula nyumba ku Area 43. Ena anangozolowera kusaina chomwe abwana abweretsa.

Patapita miyezi ingapo kunabwera ntchito ina, yomanga buloko ya makalasi awiri ndi ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu. Phungu wa deralo anafika yekha mu ofesi, munthu wansangala, wodziwa kucheza. Pambuyo pake panali mwini sitolo uja, tsopano atanyamula satifiketi ya ukontilakitala.

"Mwana wanga, denga lija munaligwira bwino kwambiri, anthu akukutamani kumudzi. Iyinso tichite chimodzimodzi. Munthu wake ndi uyu, mukudziwana kale."

"Olemekezeka, ntchito iyi ndi yayikulu. Ikufunika tenda."

"Nanga ija inali yaying'ono?"

Ofesala anasowa poyambira. Kukana kwake kunalibenso mphamvu, chifukwa onse atatu m'chipindamo ankadziwa zomwe zili m'faelo ya denga. Panalibe yemwe anamuopseza, ndipo panalibe chifukwa chomuopsezera.

Mphamvu za phungu pa ntchito zotere zili ndi mbiri yake. Lamulo la maboma ang'onoang'ono ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu zinabwera mu 1998, ndipo makhansala oyamba pansi pa lamulo limeneli anasankhidwa mu 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, dziko linakhala lopanda makhansala mpaka chisankho cha 2014. Thumba la CDF linayamba mu 2006, mkati mwa zaka zimenezo, ndipo mu 2010 lamulo linasinthidwa kupatsa aphungu mphamvu yovota m'makhonsolo. Kwa zaka zisanu ndi zinayi, anthu osankhidwa kuti aziyang'anira momwe khonsolo ikugwiritsira ntchito ndalama kunalibeko, ndipo chizolowezi choti phungu ndiye amaloza ntchito, malo ndi woigwira chinamera mizu. Mu 2025 khoti loona za malamulo aakulu a dziko, pa mlandu womwe linabweretsa bungwe la makhonsolo la MALGA, linagamula kuti aphungu kulowerera chotere m'makhonsolo ndi m'kayendetsedwe ka CDF n'kosemphana ndi malamulo aakuluwo. Chigamulo chimenecho chinafika ofesala wathu atasaina kale.

Buloko inagawidwa patatu: maziko, khoma, denga. Makotesheni anabwera asanu ndi anayi, onse ndi 7 wa kamzere kopendekera. Komiti ya IPDC sinakumane. Mlembi analemba maminitsi Lolemba lotsatira n'kuyenda nawo ofesi ndi ofesi kuti mamembala asaine, aliyense akusaina chifukwa mnzake wasaina kale. Kontilakiti yake inali masamba awiri okopera ku ntchito ina yakale, dzina la sukulu n'kungosintha. Munalibe mawu onena chochita mitengo ikasintha. Munalibe chikole cha kubanki pa ndalama zoyambira ntchito, zomwe kontilakitala anapatsidwa njerwa imodzi isanayalidwe. Munalibe zosunga kagawo ka malipiro mpaka nyumba itaonedwa kuti siikung'aluka, munalibenso chilango cha kuchedwa. Zinthu zimenezi zimapezeka m'mapepala a tenda omwe boma linakonza kale kuti aliyense azigwiritsa ntchito. Pothawa tenda, khonsolo inathawanso chitetezo chonse chomwe chimabwera nayo.

Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwanso mphamvu, ulendo uno ndi 44 peresenti. Simenti ndi malata zinakwera sabata yomweyo. Khoma linali litafika pa mawindo pomwe amisiri ananyamula zipangizo zawo n'kumapita. Kontilakitala anabwera ndi malisiti m'manja: ndalama zomwe anagwirizana sizingagulenso theka la malata.

Apa ndiyenera kumuchitira chilungamo munthuyu. Ngakhale analowa pakhomo la kuseri, dandaulo lake linali loona, ndipo akontilakitala ambiri oona mtima anakumana nalo vuto lomweli chaka chimenecho. M'dziko lomwe ndalama yake imatha kugwa chotere usiku umodzi, kontilakiti yosanena za kusintha kwa mitengo ndi bodza lomwe mbali zonse ziwiri zimasainirana. Kontilakiti yabwino ikanati: mitengo ikakwera kufika pakuti, tidzawerengera motere, komiti idzavomereza, ndipo zidzalembedwa. Popeza njira yoyera yowonjezerera ndalama panalibe, panatsala yakuda yokha, yolipira gawo la denga denga lisanakhomedwe kuti munthu apeze pogwira.

Chaka cha boma cha zachuma chimatha pa 31 Malichi, ndipo mwezi umenewu m'maofesi mumakhala piringupiringu, aliyense akufuna mavocha ake atuluke mabuku asanatsekedwe. Satifiketi yonena kuti gawo lachitatu latha inalembedwa mu ofesi. Woyang'anira zomangamanga sanapite kukaona. Galimoto inalibe mafuta, ndipo sukuluyo ili kutsidya kwa mtsinje. Panafunikanso siginecha ya wapampando wa komiti ya sukulu, mayi wachikulire yemwe anatsogolera amayi anzake kututa mchenga ndi madzi a buloko yomweyo. Anamuitanitsa kuboma, n'kumupatsa ya thiransipoti. Fomu inali ya Chingerezi.

"Mayi, sainani apa kuti ndalama zituluke, ntchito ipitirire."

"Ndiye kuti abweranso amisiri aja, bambo?"

"Abwera, mayi."

Anagwira cholembera mosamala, n'kulemba dzina lake chilembo chimodzichimodzi pansi pa mawu onena kuti iye waona ndi maso ake denga litakhomedwa ndipo wakhutira. Cheke chinatuluka. Kontilakitala anabweza ngongole zake za kusitolo, anapereka kwa omwe anayenera kuwapatsa, ndipo amisiri sanabwerere.

Malamulo atsopano atayamba kumveka, ofesala anapumirako pang'ono. Ankayembekeza kuti malire akakwezedwa, zomwe ankachita mobisa zidzakhala zololedwa, ndipo mwina zakale zidzaiwalika. Kunachitika maphunziro a masiku angapo kunyanja. Anapita ndi akuluakulu a khonsolo, omwe salemba LPO, chifukwa kumeneko kunali alawansi. Anabwerako ndi mabuku omwe anakalowa m'kabati. Makhansala sanauzidwe kanthu. Makomiti a chitukuko a ADC ndi VDC sanamve n'komwe kuti kwasintha chinthu. Pepala la pakhoma lija linachotsedwa patapita miyezi, wina atabweretsa lina lojambula pa foni.

Ine ndili kumbali ya omwe amati malamulo ogulira zinthu azikonzedwa pafupipafupi. Malire a ndalama osayenda ndi mitengo amasandutsa ntchito wamba kukhala mlandu, ndipo amaphunzitsa anthu oona mtima kunama. Koma ndimachita mantha ndikamva kukonza malamulo kukukambidwa ngati kukweza malire basi. Malire akakwera, ntchito zambiri zimachoka m'nyuzipepala n'kulowa m'makotesheni, komwe kulibe maso a anthu. Mwini sitolo wa zidindo zitatu safunikanso kugawa buloko patatu. Amaitenga yonse ndi mapepala atatu okha. Khonsolo yomwe ikukonzanso ndondomeko zake iyenera kufunsa mafunso ovutirapo. Kodi makampani atatu opereka mitengowa eni ake ndani, ndipo alipo amene waimbako foni pa manambala ali pa mapepalawo? Kodi wopempha katundu, wogula, wolandira ndi wolipira ndi anthu osiyana, kapena ndi mmodzi wovala zipewa zinayi? Dzina la wopambana, mtengo wake ndi tsiku lomaliza ntchito zamatidwa pa bolodi la khonsolo ndi pa sukulu pomwe pakumangidwapo, m'chilankhulo chomwe anthu a pamenepo amawerenga? Nanga njira ya pangozi yalembedwa momveka kuti ofesala wamantha aitsate m'malo mogawa ntchito? Dziko lino limalandira anamondwe pafupipafupi, Ana mu 2022, Freddy mu 2023, ndipo tinaona ndi ndalama za Covid-19 zija, K6.2 biliyoni, momwe changu chimatsegulira zitseko. Kafukufuku wa 2021 anapeza kugula kosatsata ndondomeko ndi maalawansi osayenera, makhonsolo ali m'gulu la okhudzidwa, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera anachotsa nduna ya zantchito, a Ken Kandodo, mu Epulo chaka chomwecho.

Ndipo inu owerenga, mwina simudzakhalapo ofesala wogula zinthu. Koma mwina ndinu khansala, mlembi wa ADC, msungichuma wa komiti ya chipatala chaching'ono, kapena muli ndi kasitolo ndipo mnzanu wakupemphani kuti mumubwereke chidindo chanu kuti makotesheni akwane atatu. Chidindo chimenecho chikadinda, kampani yanu yalowa m'faelo ya boma ngati mboni yabodza. Fomu yomwe simukuimva muli ndi ufulu woti ikuwerengedwereni m'Chichewa, m'Chiyao, m'Chitumbuka kapena m'Chisena musanaisaine, ndipo ngati ikunena za nyumba, kaioneni nyumbayo. Kuyambira pa 30 Seputembala 2020 lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga m'maofesi a boma likugwira ntchito, kotero kufunsa kuti buloko ya kwanu yapatsidwa kwa ndani ndipo pa ndalama zingati si mwano.

Tibwerere ku khonsolo ija. Maodita anafika patatha chaka cheke chija chitatuluka, anthu awiri ndi laputopu. Anayamba ndi mavocha, ndipo mmodzi wa iwo, mayi wodekha, anayala makotesheni asanu ndi anayi aja pa tebulo limodzi. Sanalankhule kanthu. Anapempha faelo ya denga la 2023, n'kuyalanso mapepala ake pambali. Kenako anapempha galimoto. Kusukulu kuja anapeza khoma lofika pa mawindo, udzu utamera m'kati, mbuzi zikubisalamo dzuwa. Anajambula zithunzi, n'kuzimata pafupi ndi satifiketi yonena kuti denga linatha.

Pofunsidwa, aliyense anali ndi poimira. Mkulu wa ntchito uja anali atasamutsidwira ku boma lina, ndipo anati sakumbukira kuti analamulapo zogawa ntchito. Panalibe kalata, analankhula pakamwa. Phungu anati iye salemba makontilakiti, ndipo zinali zoona, dzina lake silinali pa pepala lililonse. Mamembala a komiti anati anasaina maminitsi pokhulupirira katswiri wawo wa zogula. Mayina omwe anatsala opanda poimira anali awiri: la ofesala, ndi la mayi wa komiti ya sukulu, yemwe anaitanidwa kukapereka sitetimenti ku polisi n'kubwerako akulira, anthu a m'mudzi mwake akumunena kuti anadya nawo ndalama za buloko.

Ofesala anaimitsidwa ntchito. Anayesa kufotokoza kuti sanatengepo ngakhale tambala, ndipo ofufuza atayang'ana ku akaunti yake anapezadi kuti munalibe kanthu. Koma mlandu womwe anamutsegulira sunali wakuba. Unali wogwiritsa ntchito udindo molakwika ndi kuphwanya ndondomeko yogulira zinthu, ndipo umboni wake woyamba unali ma LPO anayi a denga lija, lomwe mpaka lero silidontha. Mlandu ukuyendabe, kumangosinthidwa masiku. Anasamuka m'nyumba ya lendi ya paboma n'kubwerera kwa makolo ake, ndipo kulikonse komwe wafunsira ntchito amamufunsa chifukwa chomwe anachokera ku khonsolo.

Mwini sitolo analembetsa kampani ina m'dzina la mlamu wake. Khonsolo inaikanso buloko ija mu bajeti ya chaka chotsatira pansi pa mutu woti kumalizitsa, pa mtengo woposa wa poyamba, chifukwa khoma linakhala pamvula nyengo ziwiri ndipo mbali ina iyenera kugwetsedwa. Ahedi anauzidwa kuti aitanitse msonkhano wa makolo, awapemphe atutenso mchenga. Mayi uja anakana kukhalanso mu komiti, ndipo pa msonkhanowo panalibe yemwe anavomera kutenga malo ake.